Nyali za Ngolo ya Apongozi

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope. Ine Namakhwa ndinakonza mathirakitala pa esiteti ya tiyi mpaka imvi izi, ndikanama pano mphezi ing'ambe njinga yangayo.

Tsikulo apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anakomoka kumunda kwa Khwethemule, ndipo choyendera kupita nawo kuchipatala chinali njinga yanga yamoto ndi ngolo yonyamulira nthochi yopanda nyali ngakhale imodzi. Chiperoni chinali chitatseka dzuwa lili paliwombo, chifunga chokhuthala moti nkhuku zinkayenda pamwamba pake, pomwe m'misewu ya m'tiyi malole a masamba amatsika ngati alibe mabuleki. Apongozi akanagundidwa ali m'ngolo ya mkamwini, mudzi uja ukanandipirikitsa ndi bulangete lokha.

Mawaya kunalibe, ndiye ndinadula waya woyanikira zovala, kulumikiza ku batire, mababu kuchotsa m'matochi awiri n'kuwakuta ndi timapepala tofiira ta siwiti, koma moto unakana kubwerera poti ngoloyo inamangidwa ku njinga ndi mphira, basi ine kuluma waya wina, wina kuupana ndi chala chakuphazi, magetsi n'kumadutsa mwa ineyo. Mukumva? Ndikatsinzina diso lamanja indiketa yakumanja inkaphethira, ndikameza malovu nyali ya buleki inkayaka, uku ndevu zikununkha ngati mbuzi yowawula.

Titangodutsa Goliati ndinamva lole kumbuyo. Apa ndiye panali mantha enieni. Kodi zikuyaka? Kucheuka sindikanatha, mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, ndipo galasi loonera kumbuyo ndinali nditalivindikira kale ndi chipewa chifukwa cha ulemu womwewo. Ndinangoluma waya zolimba, thukuta lili kamukamu, kupemphera ndi mphuno poti pakamwa panali pa ntchito, mawondo akuombana ndi thanki mpaka petulo kuwira, lole ikupumira m'khosi mwangamu mpaka pachipata cha chipatala.

Apongozi anachira. Dalaivala wa loleyo mpaka lero amauza anthu kuti nyali sanaione, akuti anaona gogo atatsitsimuka, atagwada m'ngolo akukupiza mpango wofiira wakumutu, kwinaku akunditukwana m'Chilomwe. Nsanje imeneyo. Zinayaka, ndikulumbira. Kungoti ine sindinazione, ndipo mboni yanga yokha ndi apongoziwo, amene sindingayerekeze kuwafunsa.