Chidebe Chachitatu

Ndinene poyambirira kuti ine sindinapite kutchalitchi ndi mowa. Mowawo unapita wokha, pamutu pa amayi a Mvano, akuyimba nyimbo yauzimu.

Nthawiyo n'kuti nditangobwezeretsedwa kumene mumpingo. Ndinali nditadulidwa chaka chathunthu chifukwa cha kachasu, ndipo amene anaweruza mlandu wanga anali bambo Mbewe, mkulu wa mpingo amene sasekera ngakhale khanda. Akazi anga, amake Tadala, anandiuza mosapsatira: "Mukadzadulidwanso, ine ndikupita kwathu ku Kasakula. Ndatopa kudya mgonero ngati wamasiye."

Ndiye mlamu wanga anabwera kuchokera ku Joni. Anzathu alamu awo amawabweretsera jekete. Wanga, pondikonda, anandipatsa paketi ya ufa wofululira mowa, ndi kayisiti kake pambali. "Alamu, apa palibe za chimera kapena nkhuni," anatero. "Madzi ofunda basi, mawa lake mwamwa."

Ndinadziuza kuti ndingoyesa kuti ndione ngati n'zoona (kumwa ayi, ine ndinali munthu wolapa). Ndinasakaniza mu chidebe, n'kubisa m'chigafa cha fodya. Koma Juni wa ku Ntchisi mukumudziwa. Masiku awiri anatha, mowa uli zii, osaonetsa ndi thovu lomwe. Apa nzeru zanga, zomwe sizinandithandizepo chibadwire, zinati chidebecho chikufuna malo otentha. Ndinachisamutsira kukhitchini, pafupi ndi mafuwa, pambali pa zidebe ziwiri za thobwa limene akazi anga anaphikira anthu oumba njerwa za tchalitchi.

"Nanga ichi?" anafunsa.

"Gaga wa nkhumba. Ndamuviika."

"Nkhumba zathu zayamba liti kudya zofunditsidwa bulangete?"

Ndinakhosomola n'kutuluka.

Loweruka m'mawa akazi anga analawirira kutchalitchi kukatunga madzi, ine ndinatsikira kudimba. Pobwerako ndinapeza kukhitchini kuli bulangete lokha, lopindidwa bwinobwino. Amayi amene anatumidwa kudzatenga thobwa anapeza zidebe zitatu, ndipo ananyamula zitatu.

Ndinathamanga chitunda chonse chopita kutchalitchi. Nditafika, ndinapeza abambo khumi ndi anayi azungulira chidebe changa, ziwiri zija osaziyang'ana n'komwe. Bambo Mbewe anali ndi kapu m'manja, thovu lili pandevu. Anamwa, n'kutseka maso, n'kumeza pang'onopang'ono. Ine ndinayamba kuwerengera mumtima mtunda wa ku Kasakula.

"Amake Tadala," anatero potsiriza, "thobwa ili ndi lokhwima maganizo. Onjezerani."

Palibe amene anatsutsa. Akanatsutsa bwanji? Kuti unene kuti uwu ndi mowa, uyenera kufotokoza kumene unaudziwira kukoma kwake. Aliyense ankangoyang'ana mnzake, n'kutambasula mkono. Akazi anga analawa kamodzi, n'kundiyang'ana. Maso awowo anandiuza zonse.

Pofika masana ntchito inali itakoma. Oponda dothi ankaponda motsata nyimbo, chiuno chikuthandizira. Msungichuma wathu anagona m'munsi mwa mbawa, chikombole atachiyesa pilo. Bambo Mbewe, amene kutchalitchi amangoyendetsa milomo, anayambitsa nyimbo katatu, mavesi ena opeka okha. Njerwa za tsikulo zilipo mpaka lero, ndipo omanga anazikana, akuti palibe ziwiri zofanana.

Kunyumba kunalibe nyimbo. "Mupite nokha mukaulule," anatero amake Tadala, akutsitsa chikwama pamwamba pa kabati. "Anthu asamati ine ndi amene ndimafulula." Apa ndiye ndinachita mantha enieni, ndipo manyazi anandigwira, chifukwa mayiyu sanalakwe kanthu.

Lolemba ndinapita kwa bambo Mbewe. Ndinawapeza pakhonde akusankha fodya.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani ya chidebe chija. Zoona zake n'zakuti muja munali..."

"Thobwa," anandidula.

"Ayi bambo, ndimati..."

"Achimwene, khalani pansi." Anayang'ana uku ndi uku. "Tinamwa anthu khumi ndi anayi. Akulu a mpingo asanu, atumiki atatu. Mukufuna abusa adzadye mgonero ndi mabenchi? Linali thobwa. Kauzeni mayi kunyumba kuti mpingo wathokoza."

Ndinakapereka uthengawo mawu ndi mawu. Akazi anga anaseka mpaka misozi, kenako anasiya mwadzidzidzi n'kunena kuti iwo si bwalo la mpingo, ndipo ndinagona pamphasa milungu itatu. Koma ku Kasakula sanapite.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzirapo, ndikanakonda kunena kuti mowa ndi woipa. Koma chimene ndinaona ndi maso angawa n'chakuti ukamwa wekha amautcha mowa ndipo umadulidwa, ukamwetsako oweruza limakhala thobwa.