Mboni za Mkonono Wanga

Lolemba

Akana! A ku ofesi ya asilikali opuma ati matenda anga obanika kutulo sanayambire ku usilikali. Ati zaka zonse zimene ndinavala yunifomu ya ku Mangalande, palibe dokotala analembapo kuti ndinkaliza mkonono kapena kusiya kupuma. Choncho chipukuta misozi ndiiwale.

Inetu ndikudziwa. Ndinapita ku chipululu kumene anatitumiza pa usilikali ndikugona ngati munthu, ndinabwerako ndikulira ngati chigayo cha dizilo. Fumbi lija silinali masewera.

Sindikutekeseka. Apilo ilipo, bola ifike Lolemba likubwerali. Akungofuna mboni zoti vutoli linayambira komweko. Mboni ndili nazo:

- amayi a Tadala, mkazi wanga
- achemwali anga a ku Dedza, anene kuti kale ndinalibe
- Phiri, wa ku Zambia, tinkagona tenti imodzi, pano amakhala ku Lucan, ulendo wa basi kuchokera kuno

Ndadya bwino. Mlanduwu ndawina kale.

Lachiwiri

Amayi a Tadala avomera msanga mpaka ndachita mantha. "Abambo a Tadala, chance imeneyi ndaidikira kalekale."

Alemba masana onse. Za mkonono zilimo, zomveka bwino. Koma mulinso:

- masokosi pansi pa bedi
- mabini a zinyalala amene sinditulutsa
- tsiku lija ndinagona pa ukwati wa mng'ono wawo, ndili ku tebulo la akuluakulu

Vuto lenileni ndalikumbukira powerenga: tinakwatirana nditasiya kale usilikali. Umboni wawo ngwamphamvu, koma ukuyambira pa Clondalkin pano pamene tikukhala. Ndawathokoza. Mabini ndatulutsa.

Lachitatu

Achemwali atumiza uthenga wa mawu pa foni. Ndikumvera pa nthawi yopuma ku ntchito, nditakhala pa fokolifiti yanga yonyamulira katundu. Moni yekha watenga theka la tiyi. Mvula, feteleza, mbuzi yobereka mapasa. Kenako:

"Mkonono? Aa achimwene, umenewotu ngwa kumtundu! Malemu bambo ankati akagona, agalu a mudzi wonse kuyankha. Inu munayamba muli kumsana."

Ndawapempha kuti mwina akumbukire mwa mtundu wina. Ati iwo amavala yunifomu ya tchalitchi, sanganame chifukwa cha azungu. Awonjeza kuti zobanikazo sakuzidziwa, ndipo ndisiye kudya kwambiri.

Mboni yachiwiri yagwa. Palibe kanthu, Phiri alipo. Phiri ndi mwamuna.

Lachinayi

Phiri watumiza umboni wake. Mayo ine!

Walemba kuti ndinali msilikali wamphamvu kuposa onse. Sindinadwalepo ngakhale chimfine. Ndinkagona mwakachetechete, ndinkadzuka woyamba, ndinkapempherera anzanga. Akuti aliyense wondilemba ntchito sadzanong'oneza bondo.

Ntchito yanji? Ndamuimbira.

"Iwe mudala, ku office sitikamba voipa va munzathu. Nakulembera reference ya bwino maningi!"

Ndamufotokozera kuti ulendo uno ndikufuna andinyoze. Wati tikambirane maso ndi maso. Mawa ndipita ku Lucan.

Kunena zoona, ndauwerenganso kawiri. Munthu sunganyansidwe ndi kuyamikiridwa.

Lachisanu

Mvula. Basi yofunda, mpando wa pawindo. Ndangoti nditseke maso pang'ono.

Ndadzuka basi itaima kumapeto kwenikweni kwa ulendo wake, mulibe munthu. Dalaivala waima pambali panga, nkhope ili gwa. Akuti poyamba amayesa injini, kenako phokoso litasiya amayesa maliro. Wandifunsa ngati ayitane ambulansi.

Mboni yabwino chonchi, koma yachedwa ndi zaka zambiri!

Pofika ku Lucan, Phiri wapita kale ku ntchito yake ya ulonda. Ndabwerera nditaimirira njira yonse.

Loweruka

Phiri wabwera yekha, atanyamula nyama ya mbuzi. Tikuwotcha kuseri kwa nyumba, ambulera m'manja. Ndamuuza mosapita m'mbali kuti alembe zoona.

Watembenuza nyama nthawi yaitali. Kenako wayamba.

Akuti zobanikazo zinayambadi ku chipululu. Ndinkaliza mkonono, kenako zii, osapuma. Anyamata a m'tenti anachita mantha, n'kugawana maulonda. Ndikasiya kupuma, wa pa ulonda ankandimenya ndi jombo mpaka nditapumanso. Ine m'mawa ndinkadandaula kuti matiresi akundipweteka nthiti!

"Tinapangana kuti medic asaziwe. Sembe anakubweza ku nyumba, nchito yasila, mapepa yasila. Manje ufuna nilembe kuti tonse tinabisa? Benangu bakali mu uniform, mudala."

Ndiye n'chifukwa chake madokotala sanalembepo kanthu. Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo osabwera. M'malo mwake misozi. Ndanamizira utsi.

Nyama yapserera. Tadya yomweyo.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinagone, amayi a Tadala anakhala ndi chigongono chokonzeka.

Apilo sinditumiza. Ndaganiza mokwanira. Kuti ndipate chipukuta misozi, ndiyenera kupereka anthu amene anasinthana tulo kuti ine ndidzuke wamoyo ndiponso ndisachotsedwe ntchito. Ndalamazo zingandiwawe pakhosi.

Mtima uli m'malo. Ntchito ilipo, makina ondithandiza kupuma ndikagona alipo, nthiti zinapola.

A ku ofesi aja akuti palibe amene anandimva ndikubanika ku usilikali. Asiyeni akhulupirire zomwezo. Inandimva tenti yonse, ndipo mpaka lero palibe waulula kwa akuluakulu.