Chakudya Choyamba cha a Chikaonda

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake chinali chotere. M'mudzi wina wa patsinde pa phiri munali bambo wotchedwa a Chikaonda, munthu amene ankalemekeza khasu kwambiri moti sankafuna kulivutitsa. Chaka china njala inawasautsa mpaka lamba wa buluku anasowa pomanga. Anzawo ankati vuto ndi munda wawo umene unasanduka tchire. Iwo ankakana kwamtuwagalu, amvekere tsoka lonse linabwera chifukwa pa Nyuwere yapitayo anayamba ndi kudya therere.

Pajatu kumeneko anthu ankati chimene chayamba kulowa m'kamwa tsiku la Nyuwere ndicho udzadye chaka chonse. Ambiri ankangonena izi moseka, uku akutafuna chilichonse chimene apeza. Koma a Chikaonda anazigwira ndi manja awiri. Njala ankaiopa zedi, ndipo analumbira kuti ulendo uno ayamba chaka ndi chakudya cha anthu olemera.

Tsikulo litafika anadzuka osatsuka n'komwe m'kamwa, kuopa kuti angameze madzi n'kukhalira madzi chaka chonse. Atamva kuti amayi a m'mudzimo anyamula zakudya kupita kuchisangalalo kuseri kwa phiri, anawatsatira pambuyo ngati munthu woitanidwa.

Ali pakati pa phiri, kumwamba kunada bii, chimvula n'kuyamba kukhuthuka. Pamalopo panali mapanga awiri oyang'anizana, pakati pake pali kamtsetse ka dothi lofiira. Amayi ena anathawira m'phanga lakumtunda, ena lakumunsi. Poona kuti mvulayo siikata msanga, anagwirizana zongodyera momwemo.

A Chikaonda analowa m'phanga lakumtunda, mmene munali mlamu wawo Nangozo. Mayiyo atavundukula dengu lake, munali mpunga ndi nkhuku yonona.

"Fikani alamu, sambani m'manja," anatero Nangozo, n'kuwaikira ntchafu yathunthu pambale.

Munthu wanzeru akanangoluma, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ntchafu ija ili pafupi ndi mlomo, kamphepo kanabweretsa fungo lochokera kumunsi. A Chikaonda anatukula mphuno.

"Kodi uko kuli chiyani?"

"Mbuzi yootcha. Idyani chili m'manja, alamu."

"Taimani kaye. Nkhuku imatha tsiku limodzi, mbuzi mumadya mpaka mkuja. Chaka cha nkhuku ndi chaka cha mbuzi n'zosiyana. Mundisungire, ndikubwera."

Anatuluka pamvula atatseka pakamwa ndi dzanja kuti dontho lisalowe, n'kuthamangira kumunsi. Kumeneko anapeza msuweni wawo Nankhoma akuduladula nyama. Paja pachisuweni sipalephera chipongwe.

"Asuweni, akuthamangitsani ndani? Khalani apa, nachi chiwindi." A Chikaonda atachilandira, mayiyo anawonjezera nkhope ili gwa. "Kungoti mbuzi imakhalira pachingwe. Woyamba chaka ndi mbuzi, sindikudziwa ngati Disembala amamupeza asanamangidwe."

A Chikaonda anachiponya m'mbale ngati chawaotcha. Zoonadi, mbuzi ya ufulu anaiona kuti? Anatsekanso pakamwa, ulendo kumtunda.

"Alamu, bweretsani nkhuku ija. Mbuzi njoopsa."

Nangozo anali ataona kale masewerawo. "Ntchafu ija apongozi adya, nali phiko. Komatu alamu, nkhuku siidya isanapalase. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo n'kupalasa basi. Chaka chino tikuonani kumunda tsiku ndi tsiku."

Mawu akuti kumunda anawalasa a Chikaonda kuposa chingwe chija. Kundende munthu amakhalako pansi, koma kumunda? Anabweza phikolo mwaulemu, n'kulowanso pamvula.

Anayenda choncho katswiri wathu wa zamwayi, kukwera ndi kutsika. Akafika kumunsi, Nankhoma ankawakumbutsa kuti mbuzi imalira ndi poona mpeni pomwe, ndiye chaka cha maliro chimenecho. Akafika kumtunda, Nangozo ankati mpunga umamera m'madzi, denga lawo lidzadontha mpaka chilimwe. Chilichonse iwo ankavomera ndi mutu, amvekere, "Apo mwanena zoona." Malaya anamatirira pathupi, mano akugundana, m'mimba mukulira ngati ng'oma. Amayi a m'mapanga monse muwiri ankadya mosatekeseka, akunyambita zala ndi kuonerera zaulere.

Kenaka Nangozo anaima pakhomo pa phanga n'kukuwa: "Alamu, kwatsala khosi lokha! Mukachedwa tipatsa galu!"

Nankhoma naye sanafune kugonja: "Asuweni, kuno kwatsala chiboda chimodzi! Mubwera kapena ndimalize?"

Nthawi imeneyo a Chikaonda anali pakati penipeni pa kamtsetse kaja. Apa mantha enieni anawagwira, chifukwa anazindikira kuti akhoza kuyamba chaka opanda kanthu m'kamwa. Mutu unati khosi, mimba inati chiboda. Mwendo wamanja unalowera kumtunda, wamanzere kumunsi, ndipo dothi lonyowa linamaliza mlanduwo. Anatereraka, dzanja lija linachoka pakamwa kufuna pogwira, anakuwa kuti "Mayo ine!" n'kugwa chafufumimba, kamwa ili yasa. Podzuka, masaya anali atatupa ndi matope. Pofuna kupuma, anameza.

Kenaka mapanga onse awiri anaphulika ndi phwete, ena mpaka kugubuduka pansi. A Chikaonda anangokhala pamatopepo, mvula ikuwamenya pamsana, misozi ikutsika. Zinali zomvetsa chisoni ndithu, bambo wamkulu kulira ngati mwana, pakuti iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chaka chawo chathera pomwepo.

Nangozo anatsika atafunda chitenje kumutu, n'kuwagwira dzanja.

"Musalire alamu, mwayi wakugwerani. Nkhuku imatha, mbuzi imatha, koma chimene mwasankha inu sichidzatha. Chaka chino simugona ndi njala."

Nankhoma anali akupukuta misozi ya kuseka, chiboda chili kukamwa. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, madzi akuchucha paliponse.

"Taonani asuweni," anatero. "Ife amphawi tinali ndi phanga limodzi lokha, tauma ndipo takhuta. Inu olemera munali nawo awiri."

Nkhaniyo inafika kumudzi iwo asanafike. Kuyambira tsiku limenelo, anthu akaona munthu akuthamangira uku ndi uku, kufuna zonse mpaka kutaya ndi chimene anali nacho m'manja, amangopukusa mutu n'kunena kuti: mapanga awiri avumbwitsa.