Nduwira ya a Khalfan

Pagombe lonse la Batinah palibe amene sadziwa kuti malemu a Khalfan ankalonjera njiwa asanalonjere anthu. Ukawapeza pachitsime m'mawa, unkadikira amalize kaye kufunsa njiwa ngati zagona bwino. Akazi awo, mayi Shamsa, ankati anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi wanthenga.

"Taonani, kamamwa osadzutsa mutu," ankatero bambowo. "Inu mungathe?"

"Chimene ndingathe ndi kukukhuthulirani mtsuko wonsewu," ankayankha mayiwo.

Zinavuta pa ukwati wa mwana wawo Moza. Nduwira yaulemu ya a Khalfan inali pazenera, yokulungiratu. Njiwa inangoponyapo timitengo tingapo, paja kumanga sizidziwa, n'kuikira mazira awiri.

Mayi Shamsa ndiwo anayamba kuziona. Bambo a mkwati, a Humaid, anali munthu wonyada, woti anathetsapo chitomero chifukwa mlendo anafika wopanda nduwira kumutu.

"Bambo a Moza, ingitsani chinthucho!"

"Mayi ali pamazira? Ayi."

"Ndiye bwerekani ina!"

"Iyi inali ya bambo anga. Ndinalumbira kuti Moza ndidzamukwatitsa nditavala imeneyi."

Moza anayamba kulira. A Khalfan anaiyang'ana njiwayo, nayo inawayang'ana. Kenaka ananyamula nduwira pang'onopang'ono n'kuikhazika pamutu, chisa ndi mwini wake yemwe. Anthuni, sinauluke!

Anayenda khosi lili gwa, ngati mtsikana wophunzira kusenza madzi. Mayi Shamsa anatsatira n'kukasuzumira pampanda, manyazi atawagwira mpaka kumapazi. Atafika pabwalo la a Humaid, khofi anaima m'manja mwa anthu.

"Asewele," anatero a Humaid nkhope itachita mdima, "mwabwera kudzatinyoza?"

Asanayankhe, kunamveka phaphapha. Njiwa yaimuna, yomwe inkawalondola kuchoka pa kanjedza uyu kupita pa uyo, inatera panduwira. Yaikazi inadzuka, n'kuwulukira kuchitsime. Yaimuna inakhala pamazira mwakachetechete.

A Khalfan analoza mkwati osagwedeza mutu. "Waona, mkamwini? Mkazi usiku, mwamuna usana. Sanamutume munthu, wabwera yekha. Ngati zimenezi sungathe, neneratu, ndibwerere ndi mwana wanga."

"Nditha, bambo," anatero mnyamatayo.

A Humaid anayesa kudzigwira, koma phwete linawapulumuka, mpaka chipatso cha kanjedza chimene ankadya chinawatsamwa. Moza anakwatiwa tsiku lomwelo, ndipo a Khalfan anabwerera monyadira, mudzi wonse uli pambuyo. Mazira aja anaswa onse awiri.

Pano bambowo kulibe, ndipo tawasowa zedi. Njiwa zimabwerabe pachitsime, koma anthu amangotunga n'kumapita. Mayi Shamsa amalalatabe kuti mbalamezo zimawaipitsira nsomba pathandala. Komatu nduwira ija sanaichotse pazenera, ndipo chaka chino mulinso mazira. Dzulo Moza anawapeza ataima pomwepo, akunong'ona.

"Mwadzuka bwanji, mkazi mnzanga? Nanunso mwawasowa?"