Kanyongolotsi ka pa Dzina la Apongozi

LOLEMBA

Chinkhoswe cha Chisomo chili Loweruka, kwathu ku Maganga. Chisomo ndi mwana wa achimwene, koma sekondale yonse anaphunzira akugona m'nyumba mwanga. Mwamuna ndi wa ku Sipeni, Joaquín, amene kumudzi tonse timangoti a Yowakimu.

Ntchito tagawana. Achimwene, tenti ndi mipando. Alamu anga a Nabanda, mayi ake a mtsikana, kuphika ndi ukhondo. Ine, makhadi a maina a patebulo la alendo. Nanga akanapatsa ndani? Setifiketi yotayipa m'banja lonse ndili nayo ndekha, ndipo pa risepushoni ya loji ino ndakhalapo zaka khumi ndi chimodzi.

Masana Chisomo wabwera kuntchito kuno maso ali psuu. Apongozi ake akufika Lachinayi, ndipo ukwatiwu sanaulandire ndi manja awiri. Kalata yowaitana ija achimwene analemba kuti Begona, osaika kanyongolotsi pamwamba pa n. Mayiwo akuti anafunsa mwana wawo kuti anthu olephera kusamala dzina angasamale bwanji munthu. Dzinalo n'la malemu mayi awo.

"Azakhali, zina zonse zilakwike, koma dzina lokhalo."

Ndamuuza apukute misozi, nkhaniyi yafika kwa eni ake.

Zofunika:
- ñ wa Begoña
- í wa Joaquín
- ó wa Ramón, malume ake a mnyamata
- mfuwuliro wozondoka woyambira moni wawo, ¡Bienvenidos! Kwawoko amayamba kufuula asanatsegule pakamwa.

Ndi bolopeni m'kope muno zikulembeka bwinobwino. Pa foninso, ukakanikiza n kwa kanthawi ñ akubwera yekha. Ndiye ndikanikiza n pa kompyuta ya ofesi. nnnnnnnnnnnnnnnnnnn. Mizere itatu! Mlendo wodikira kiyi wa chipinda akungondiyang'ana.

Palibe kanthu. Lero n'Lolemba chabe.

LACHIWIRI

Safunsa anadya phula. Ndafunsa a Jafali, osunga katundu wa loji, amene kale ankagwira mu ofesi ya padoko ku Chipoka. Akuti chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. Ugwire batani la Alt osalisiya, udine nambalayo pa mabatani a kumanja aja, kenako usiye. Andilembera kuseri kwa katoni ya sopo:

ñ 164
í 161
ó 162
¡ 173

"Inshallah atuluka," atero.

Vuto loyamba: mabatani a manambala a kumanja pa kiyibodi yathu anafa chaka chatha, atamwa tiyi wa munthu wina amene sindimutchula chifukwa ndi ine. Manambala a pamwamba sakuthandiza, kompyuta ikungolira ngati belu la njinga.

Ndabwereka kiyibodi ya ku bala. Mabatani ali nyatanyata ndi zakumwa, ndipo 6 sakudinika ngakhale umukhalire. Zotsatira zake:

Bego♫a
Joaqu♂n
Ram♀n

Malume olemekezeka atuluka ndi chizindikiro cha amayi cha pa mapositala a kuchipatala! Koma 173 mulibe 6, ndiye mfuwuliro wozondoka watuluka, waimirira njo. Chimodzi mwa zinayi. Ku sukulu kumeneko n'kulephera, koma lero ndikuwerenga kuti ndi chiyambi.

A Jafali akuti bwanji Chisomo angotumiza mainawo pa imelo, ine ndikopere n'kumata. Ndawayang'ana kuyambira kumapazi. Kukopera n'kwa ana osawerenga pa tsiku la mayeso. Ine ndinaphunzira pa makina a chitsulo, mphunzitsi ataphimba zala zathu ndi nsalu. Dzina la apongozi a mwana wanga ndilitayipa ndi zala izi.

LACHITATU

Zatheka!!!

Ndaonera kakanema pa foni kasanu konse, bandulo yonse phuu. Kani kompyuta ungathe kuiuza kuti kuyambira lero ndiwe wa ku Sipeni, n'kuvomera. Ndalowa mosinthira chinenero cha kiyibodi, ndasankha Chisipanishi. Mabatani akuoneka omwewo koma mitima yasintha. Loyandikana ndi L lija tsopano likubala ñ. Lotsatira lake ukalidina silionetsa kanthu, limadikira, ukadina o ndiye n'kumuveka kandodo.

ñ ñ ñ ñ ñ. ó ó ó. Ndadzaza tsamba lonse chifukwa chongosangalala.

Ndaitana a Jafali adzaone. Ndaitana a kukhitchini. Ndaitana ngakhale a m'munda, amene anena kuti n'zokongola koma akufuna adziwe ngati andisiyire payipi kapena ayi.

Makhadi anayi atha. Ndasankha zilembo zopotanapotana za pa makhadi a ukwati, ndasunga pa fulashi, fulashi ndamanga pa mfundo ya chitenje. Pulinta ya pano sikoka pepala lolimba, ndiye Lachisanu ndikasindikiza ku boma. Ndamutumizira Chisomo chithunzi. Wayankha ndi timitima khumi ndi tiwiri, ndawerenga.

Pa minibasi pobwerera ndimangomva ngati pali kanthu kamene ndasiya pamoto. Chitofu ndazima, zenera ndatseka. Kaya.

LACHINAYI

Ndakumbukira. Mochedwa.

Kompyuta ndinaisiya ikadali ya ku Sipeni.

Bwana afika m'mawa kuti atsegule mndandanda wa alendo. Pasiwedi yawo ili ndi tizizindikiro, ndipo tizizindikiro tonse tinasamuka dzulo osatsanzika. Koyamba, yakana. Kachiwiri, yakana. Kachitatu adina ndi chala chimodzichimodzi ngati akuphwanya nsabwe. Yatseka!

Panja basi ya anthu a msonkhano ochokera ku Lilongwe, aliyense ndi chikwama cha matayala, aliyense akufuna chipinda choyang'ana kunyanja. Amene akudziwa kuti ndani agona kuti ndi kompyuta yokha. Ine ndikukonza maluwa amene ali okonzakonza kale.

Katswiri wachokera ku boma pa njinga yamoto. Sanakhale n'komwe pansi.

"Waika Chisipanishi muno ndani?"

A Jafali ayang'ana kudenga. A kukhitchini ayang'ana ine. A m'munda, amene palibe anawafunsa, anena kuti zinali zokongola kwambiri.

Chigamulo:
- kompyuta ndisaikhudzenso
- mpaka Lolemba ndizipinda matawulo
- Lolembalo ndikaonane ndi bwana, chitseko chotseka

Walira mvula walira matope. Zaka khumi ndi chimodzi, lero ndikupinda matawulo ngati wongoyamba kumene. Zandiwawa, sindinama.

Madzulo mayi Begoña afika, agona pa loji pompano. Ndawasuzumira ndili kuseri kwa mulu wa matawulo. Kamayi kakafupi, imvi mbuu, magalasi a chingwe, milomo ngati yosokedwa. Chisomo wagwada powapatsa moni, iwo angogwedeza mutu kamodzi. M'buku la alendo mnzanga walemba ndi dzanja kuti Begona. Mayiwo aliyang'ana, atenga bolopeni, aika okha kanyongolotsi, abweza bolopeni. Atenga kiyi wawo, apita. Bola akanakalipa.

Fulashi ikadali pa chitenje. Sindinagonje.

LACHISANU

Ku boma, pa kashopu kotayipa ka a Twaibu. Fulashi yatseguka. Koma zilembo zanga zopotana zija pa kompyuta yawo palibe, ndipo zawo za maukwati sizidziwa Chisipanishi. Pamene panali ñ pali kabokosi. Pa ó kabokosi. Malume asanduka Ram, bokosi, n.

A Twaibu akuti tigwiritse zilembo wamba, zimenezo zikuonetsa zonse. Andionetsa, n'zoona. Koma zilembozo n'za samani ya kukhoti! Mlendo wachokera kutsidya kwa nyanja zingapo, ife timuikire patsogolo pake chikalata ngati tamusumira? Ndakana.

Nzeru yabwera: tisindikize zopotanazo ndi n wamba, o wamba, tizizindikiro ndikaika ndi dzanja. Ndinkakhoza kulemba mwaluso ku pulayimale.

A Twaibu akuyang'ana wotchi. Lero ndi Juma, akutseka shopu kupita ku mzikiti, ndipo makina omatira pulasitiki atentha kale. Ndiye amata kaye, ine ndikalemba pamwamba pa pulasitikipo. Ndagula cholembera cha maka yakuda pamsika.

Kunyumba ndayeserera pa nyuzipepala. Tinyongolotsi makumi anayi. Toyamba ngati ndevu za mlamba, tomaliza tabwino. Kenako pa khadi lenileni, mpweya nditaugwira.

Begoña.

Abale! Kokongola kuposa ka kompyuta. Kakuyamba mowonda, kakunenepa pakati, kakuthera mowonda. Ndaika makhadi pa kabati, ndakhala pampando n'kumangowayang'ana mpaka tiyi wazizira.

LOWERUKA

Ndikulemba nditavula nsapato, kuseri kwa nkhokwe ya achimwene.

M'mawa ndaika makhadi patebulo ndekha, ndawongola, ndabwerera m'mbuyo, ndawongolanso. Kenako ndalowa m'nyumba kukamuveka Chisomo. Panja alamu anga a Nabanda ali pa nkhondo yawo. Chambo cha ku Chipoka akuchitumbulira kuseri kwa tenti, ntchentche zamva, zabwera ndi abale awo. Alamu ali ndi beseni ndi kansalu, akupukuta chilichonse chosathawa: mipando, mabotolo, zingwe za tenti, mphuno za ana a eni.

Alendo akhala. Ndikutuluka m'nyumba, alamu andikoka dzanja, nkhope ili ngwee.

"Alamu, mwayi ndaona msanga. Ntchentche zinanyera pa dzina la asewere anga enieni! Ndachita kukhula ndi sopo."

Makhadi onse anayi ali mbee. Begona. Ramon. Mfuwuliro wozondoka uja akuti unali waukulu, mwina wa mphemvu kapena buluzi.

Maka ili m'chikwama, chikwama chili m'nyumba, pakati pali anthu mazana awiri ndi ankhoswe ayamba kale kulankhula. Chisomo ali m'gulu la atsikana ofundidwa zitenje, sakuona kanthu. Ndinamulonjeza chinthu chimodzi chokha.

Mayi Begoña avala magalasi. Anyamula khadi. Ayang'ana nthawi yaitali. Atsegula kachikwama, atulutsa pensulo ya nsidze, ajambula kanyongolotsi, abweza khadi pamalo pake. Milomo yosokedwa ija yawonjezera ulusi.

Ndiye alamu akudutsa ndi thireyi. Aona. Aika thireyi pansi, agwada mwaulemu wonse, "Pepani, asewere," kansalu pyuu! Kapita.

Mayiwo ajambulanso. Alamu, amene akhala akusuzumira ntchentche yamwanoyo, abweranso. Pyuu!

Kachitatu mayiwo awagwira dzanja alamu m'malere. Ngakhale wa zokuzira mawu wazimitsa nyimbo. A Yowakimu aimirira, thukuta kamukamu, ndi Chichewa chawo chothyokathyoka:

"Amayi, si uve ayi. Ndi dzina. Dzina la agogo."

Alamu agwira pakamwa. Ayang'ana kansalu, ayang'ana khadi, andiyang'ana ine. Ndinaganiza kuti athawira kukhitchini. Ayi ndithu. Apempha pensulo ija ndi manja awiri, akadali chogwada, alumira lilime, ajambula okha. Chinyongolotsi chake! Chayambira pa B mpaka kutuluka kunja kwa khadi, nsato yeniyeni. Kenako aphimba khadilo ndi chivundikiro cha mbale kuti ntchentche zisayerekeze.

Mayi Begoña ayang'ana chivundikirocho. Phewa layamba kugwedezeka. Kenako aphulika, kuseka mpaka kuvula magalasi, misozi chuchuchu pa masaya. Awadzutsa alamu, awakhazika pa mpando wa malume Ramón, amene panthawiyo anali atapatsidwa kale thadzi ndi ankhoswe ndipo amalinyamula ngati khanda.

Kuyambira pamenepo asewere awiriwo sanasiyane. Wina Chichewa, wina Chisipanishi, onse akugwedeza mitu. A Yowakimu atamuvundukula Chisomo pakati pa atsikana aja, woyamba kufika kudzamukumbatira ndi apongozi ake, mpango wawo n'kumuveka m'khosi.

Ine ndalira nawo. Theka chimwemwe, theka sindinena.

LAMULUNGU

Ku tchalitchi sindinapite, mapazi atupa.

Zimene ndatsala nazo:
- maka yakuda, yongogwira ntchito kamodzi
- manambala anayi m'mutu, 164, 161, 162, 173, amene ndidzafa nawo
- setifiketi pakhoma
- bwana mawa, chitseko chotseka

Ku Maganga konse nkhani ndi ya a Nabanda, mayi odziwa kulandira alendo. Achimwene akuti makhadi anali bwino, kungoti ulendo wina ndizionetsetsa ukhondo.

Chisomo wabwera masana ndi mpango uja m'khosi, dzuwa lonseli. Akuseka ngati mmene ankasekera ali Fomu 1. Khadi lija akuti apongozi alikulunga mu mpango wina, likupita nawo ku Sipeni, nsato ndi zonse. Ndamufunsa ngati anaonako kanyongolotsi kanga kaja kasanapukutidwe. Waganiza kaye, kenako wati akukhulupirira kuti kanali kabwino.

Palibe anakaona. Anakaona ndi alamu okha, ndipo iwo anaona manyi a ntchentche.

Koma mwana ndi uyu, walandiridwa. Ndimafuna chiyaninso?

Pochoka wandisiyira pepala. Apongozi akufuna kalata yothokoza a Nabanda, ya m'Chichewa, yotayipa bwino, ndipo amva kuti m'banja muno katswiri ndi ine.

Ndavomera. Zilembo zake zonse zilipo pa kiyibodi. Kompyuta yokha ndi imene sakundilola kuikhudza.