Msana wa Jenerale

Mowa wa Loweruka masana ndi woopsa. Wausiku umangomugoneka munthu, koma wamasana umamupatsa nzeru, ndipo nzeru zoterozo ndi zimene zinagwera amuna atatu m'khitchini ya Overton ku Bolton, kunja mvula ikuwaza monga mwa chizolowezi chake.

Mkulu wa gululi anali Eston, amene anzake ankamutcha Jenerale, ngakhale nkhondo yokhayo imene anamenyapo inali yolimbirana mpando m'minibasi ya ku Ndirande. Zinthu zinali zitamuthina. Nyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito inali itatsekedwa, ndipo viza yake inkasungunuka ngati sopo wa m'bafa ya anthu ambiri. Ku Rotherham kunali mkulu wina amene ankati angamupezere bwana watsopano womusainira mapepala, koma mkuluyo sankamva Chichewa kapena Chingerezi, ankangomva envelopu. Popanda kangachepe, Jenerale anali wa pa ndege, kubwerera kumene anauza aliyense kuti iye ndi manejala.

"Magaye, mawa tiphula," anatero akugogoda tebulo ndi botolo.

Nkhani yake inali iyi. Mayi Matilda, nesi wolemekezeka wa kumpingo kwathu, anali ataitana anthu kukaona luso la mwana wawo Yewo. Mtsikanayu anabadwira konkuno, nakaphunzira ku Japan kujambula kwa makolo a kumeneko, kopera miyala kukhala utoto, kusakaniza ndi guluu, n'kumata golide wopyapyala papepala. Koma iye ndi achinyamata anzake anakana kujambula mapiri ndi mbalame ngati akale. Ankajambula mabasi, machumuni ndi mvula ya ku Bolton. Zithunzizo zinali zoti zikaonetsedwe m'lesitilanti ina yapamwamba ya Chijapani, chithunzi chilichonse ndi mbale yake ya chakudya.

"Chachikulucho chili ndi golide weniweni, madala. Komanso sichili m'galasi ayi. Chimakulungidwa pandodo ngati mphasa," anapitiriza Jenerale.

"Manje ba Jenerale, tizagulisa kuti?" anafunsa Kangwa, mnyamata wa ku Kitwe amene ankamutcha Dokotala chifukwa chovala magolovesi a kuntchito ngakhale potsuka mbale.

"Zimenezo ndi za Lolemba. Iwe ntchito yako ndi kukomoka mwabodza, anthu athamangire kwa iwe. Satelayiti, iwe maso pakhomo."

Overton, mwini dzina la Satelayiti chifukwa cha makutu ake, anavomera ndi mutu. Anagunditsa mabotolo, aliyense akudziona kale ali m'nyumba ya masitepe.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, masuti ali pathupi, anafika kulesitilanti kuja. Pakhomo anawauza kuti avule nsapato, ndipo chala chachikulu cha Dokotala chinatulukira pasokosi kudzapereka moni chisanafunsidwe.

Mbale yoyamba inabwera: kachidutswa ka nsomba kofanana ndi chikhadabo, katagona patsamba, kakuyang'anizana ndi chithunzi cha ngalande.

"Ba Satelayiti, ichi ni chakudya olo ni sampo?" ananong'ona Dokotala. "Na moto sichinaoneko."

"Idya, usatichititse manyazi."

Mbale yachiwiri inali msuzi wosakwana kutsukira mkamwa. Yachitatu inali duwa. Duwa, abale, lodyedwa ndi amuna a ndevu zawo amene anadumpha kadzutsa posungira malo m'mimba! Azungu a patebulo lina ankatsinzina uku akubuula mokoma, ngati akumva zimene ena tonse sitinkazimva.

Kenaka Yewo anaimirira pafupi ndi chithunzi chachikulu chija. Chinali cha basi ya m'mamawa ili mumvula, m'mawindo muli nkhope zotopa za amayi ochokera kuntchito, thambo lonse lili golide. Mayi Matilda anapukuta misozi. Jenerale nayenso maso ake ananyowa, koma iye ankayang'ana thambo lokha.

"Do you like it, ankolo?" anafunsa mtsikanayo.

"Kwambiri, mwana wanga. Moti zikanatheka ndikanapita nacho kunyumba."

Nthawi yokomoka mwabodza inali isanakwane pamene Dokotala, njala itamufika m'maso, anaona kampira kobiriwira pambali pa mbale yake. "Kotapela!" anatero mosangalala, poyesa peyala, n'kukameza konse. Sikanali peyala. Kanali kampiru ka Ajapani kamene amangokanyambita ndi nsonga ya kamtengo, kamene ukali wake sudzera pakhosi koma m'mphuno mpaka kuubongo.

"Mayo ine! Nafa! Mutu wanga wayaka!"

Anagwa chagada, ndipo pakugwa kumeneko panalibe bodza ngakhale pang'ono. Tsoka lake, theka la alendo a Mayi Matilda anali manesi. Anamuunjirira, wina kumasula tayi, wina kugwira mtsempha, wina kumufunsa ngati akudziwa kuti lero ndi lachingati.

Jenerale sanachedwe. Anatsitsa chithunzi, n'kuchikulunga pandodo yake, n'kuchilowetsa pakhosi la jekete kumbuyo, kutsika nacho mumsana mpaka m'buluku. Chinalowa bwinobwino. Chimene mowa sunamuuze ndi chakuti munthu amene wameza mtengo kumsana sapindika. Ananyamuka ulendo wa kukhomo ali njo, ngati polo ya magetsi yovala suti.

Pakhomo nsapato zinali pansi, iye ali kumwamba.

"Satelayiti, ndiveke."

Overton anagwada, n'kumukweza phazi mosamala monga amachitira ndi agogo amene amawasamalira kuntchito kwake, n'kumanga zingwe. Pomaliza anamusisita pabondo mwachizolowezi. "There we go, love."

"Ndikuponda, galu iwe. Tsegula chitseko."

Koma chitseko chinali ndi mwini wake. A Hayashida, eni lesitilantiyo, gogo wa imvi mbuu, anali atatuluka m'khitchini atamva kuti alendo awiri akuchoka chakudya chisanathe. Kwawo mlendo samangochoka ngati mbuzi, mwini nyumba amamuperekeza mpaka pakhomo ndi kumuweramira. Gogoyo anaika manja m'mbali, nawerama.

Jenerale anayankha ndi nsidze.

A Hayashida anaona kuti mlendoyu wakwiya ndithu, mwina nsomba sinamukomere. Anawerama kachiwiri, mozama kuposa poyamba, mpaka mawondo awo okalamba analira.

"Tiyeni, Jenerale," ananong'ona Overton. "Msewu ndi uwo."

Unalidi pomwepo, mapazi awiri okha. Koma kumbuyo kunamveka mawu a Mayi Matilda, amene anali atasiya wodwala uja kudzaona amene akuthawa phwando la mwana wawo.

"A Eston! Munthu wamkulu ngati ameneyu akukuweramirani, inu muli chilili? Kodi munaleredwa ndi ndani?"

Funso limenelo linamulasa pamtima. Kumutcha wakuba akanapirira, kumutcha wabodza anazolowera. Koma kuti anthu akanene kuti malemu mayi ake, amene ankamukoka khutu akapatsa munthu wamkulu moni ataimirira, anabala mwana wopanda mwambo? Thukuta linatsika motsatira ndodo ija. Anayang'ana msewu, anayang'ana imvi zili pafupi ndi mawondo ake, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti akangopinda msana, wakwera ndege.

Anaomba m'manja mwaulemu, nawerama.

Phwee! Ndodo inabowola buluku kumbuyo n'kugwera pansi. Chingwe chopachikira chinali chitakola pakolala, choncho chithunzi chonse chinatambasuka kutsika kumsana ngati mchira wa nkhanga yachilendo, basi ndi amayi ake ndi thambo lagolide, zonse zikulendewera pamatako a Jenerale. Mzungu wina anayamba kuomba m'manja poyesa kuti ndi mbali ya chionetsero, mkazi wake n'kumugwira dzanja.

Satelayiti anathawa ndi masokosi okha, nakagwidwa pasiteji akudikira basi, poiwala kuti Lamlungu mabasi amayenda ngati akuchita kupemphedwa. Dokotala anaulula zonse asanafunsidwe, misozi ili chuchuchu, akupempha madzi.

Koma Jenerale sanadzuke. Kudzuka kunali kukumana ndi maso a Mayi Matilda ndi a mwana amene anamutcha ankolo, ndipo pansi panali pabwino kuposa pamenepo. A Hayashida nawo sakanadzuka mlendo wawo akadali chiweramire. Apolisi atafika anapeza amuna awiri pakhomo, mitu itatsala pang'ono kugundana, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe.

Tikiti yobwerera kwawo anamugulira a boma. Ndipo amene anamuperekeza akuti pokwera ndegeyo, wantchito wa pakhomo atamupatsa moni, Jenerale anangodutsa ali njo.