Mapiritsi Ofiira a Tiwonge

Mulungu anandikhululukira kale, koma nkhani iyi ndikaikumbuka ndimabisabe nkhope m'chitenje.

Tinkakhala ku Chiputula, masiku aja munthu osalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Mwana wanga Tiwonge, ali Fomu 2, anayamba chizungulire ndi kufooka, mayeso ali pafupi. Kuchipatala anamuyeza magazi. Adokotala anati tizinthu tina ta m'magazi, tija timaumitsa magazi pabala, tachuluka kwambiri. Anatipatsa mapiritsi ofiira, nati tibwerenso pakatha mwezi. Ine ndinangoti "Yewo, adokotala." (Ife a Sitandade 5, kufunsa munthu wovala zoyera tinkakuyesa mwano.)

Kunyumba ndinawayang'anitsitsa mapiritsiwo. Si omwe aja ankandipatsa ndili woyembekezera, owonjezera magazi? Mwana magazi amuchulukira kale, ndiye awonjezerenso? Ndinati adokotala atopa, asokoneza. Ndinawamanga pamfundo ya chitenje, pamodzi ndi buku la kuchipatala lopindapinda.

Sindinalekere pomwepo ayi. Ndinamuletsa nyemba, bonongwe, ngakhale usipa. Chilichonse chimene amati chimapatsa magazi, ine ndi khasu kuchizula pambale yake. M'malo mwake, phala loyera ndi pemphero, m'mawa ndi madzulo.

"Amama, ndikufooka chomene," ankatero.

"Ndiye kuti magazi akutsika, mwana wanga. Tiyamike."

(Ndinayamikadi, mokweza, mpaka aneba anamva.)

Mwezi utatha, m'zikope mwake munali mutayera mbee. Atamuyezanso, adokotala anakwinya nkhope.

"Mama, mankhwala akumwa?"

"Akuyesetsa," ndinatero, ine mayi wa mapemphero.

"Tione bukulo."

Ndinamasula mfundo. Mapiritsi onse aja waa! pansi, ena kugubuduka mpaka kumapazi a adokotala. Anamwino anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Adokotala sanandikalipire. Anandikhazika pansi nandiuza kuti Tiwonge magazi ake ndi ochepa, chifukwa ankataya ambiri akakhala kumwezi. Thupi likasowa chopangira magazi, nthawi zina tizinthu tija timachuluka. Matenda ena amachititsanso zomwezo, n'chifukwa chake ankafuna kumuyezanso. "Mukamudyetsa bwino, monga nyemba ndi chiwindi, namwa mankhwala, tikuyembekeza kuti tizinthuto titsika tokha. Tikapanda kutsika, tifufuza zina."

Ndinalira. Mwezi wathunthu ndinkamana mwana wanga chomuchiritsa, ndikuti ndikumusamala.

Panjira ndinati, "Undikhululukire, Tiwonge."

Anandigwira dzanja. "Palibe kanthu, amama. Koma mwamva adokotala atchula chiwindi? Musaiwale chimenecho."

Anadya chiwindi, anadya nyemba mpaka abambo ake anayamba kudandaula kuti iwonso akumva chizungulire. Atamuyezanso tizinthu tija tinali titatsika, ndipo mayeso analemba ndi mphamvu zake. Ambuye ndi abwino.

Lero Tiwonge ali ndi ana ake. Anawo akadwala ndimathamangirako, koma mankhwala amasunga yekha. Ine ntchito imene amandilola ndi kutunga madzi omwera.